Njinga yamoto ikamazimazima m'misewu ya m'nkhalango: muyambire pati kufufuza

Misewu ya ku Chikangawa, ya pamwamba pa phiri la Zomba, ya ku Dzalanyama kapena ya m'nkhalango ya Ntchisi sinalambulidwe poganizira njinga yamoto. Ambiri mwa misewuyi ndi ya mathirakitala ndi malole a mitengo. Malolewo akadutsa mvula itagwa amasiya mizere iwiri yakuya, pakati pali mtumbira wa katondo woterera, ndipo m'chilimwe mizere yomweyo imadzaza fumbi. Njinga imene imathamanga bwinobwino pa phula ikalowa m'menemo imayamba kutsamwa, kufooka, kenako zii. Mwiniwake amaikankha mpaka kwa makaniko, kabuleta n'kumasulidwa, n'kutsukidwa, ndalama n'kulipidwa, koma ulendo wotsatira vuto lomwe lija.

Kabuleta amangonamiziridwa nthawi zambiri. Kumumasula m'tchire n'kudziputira mavuto ena, chifukwa kasipuling'i kapena jeti (kachitsulo ka bowo laling'ono loyamwira petulo) ikagwera m'masamba a paini simudzaionanso. Zimene zikunenedwa pano zikukhudza njinga za kabuleta, za injini yozizira ndi mphepo, za 125cc mpaka 200cc: Yamaha AG200 imene alangizi ambiri amayendera, Honda XL ndi XR, komanso njinga za ku China ndi ku India zimene akabaza amagwiritsa ntchito.

Musanagwire sipanala, kumbukirani mmene yazimira. Ngati yazima kamodzi n'kamodzi ngati mwachotsa kiyi, kayang'aneni kumagetsi. Ngati inayamba yatsokomola, kudukiza, n'kumafa pang'onopang'ono, ndi mafuta amene sakufika kapena ali ndi madzi. Ngati ikulemera, ikutulutsa utsi wakuda ndipo ikukana mukamaonjezera moto, ikusowa mpweya. Ngati injini ikulira bwino koma njinga siyenda, injiniyo ilibe mlandu.

Yazima mwadzidzidzi

Kawirikawiri izi zimachitika mutangodutsa pachithaphwi, kapena m'nyengo ya chiperoni ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba pamene chilichonse chimakhala chonyowa ngakhale mvula yeniyeni isanagwe. Madzi akalowa m'kapu ya pulagi, moto umathawira pambali m'malo mofika kunsonga. Zulani kapuyo, muikutumule, muipukute m'kati ndi kansalu kouma, mupukutenso mbali yoyera ya pulagi. Kapu yong'aluka kapena imene mphira wake unauma idzakuvutitsani pachithaphwi chilichonse, choncho igulireni ina.

Ikakanabe, masulani pulagi, muilowetse m'kapu yake, mugunditse mazinga ake pachitsulo cha injini kutali ndi bowo limene mwaichotsa, kenako pondani kiki kiyi ali woyatsa. Gwirani pamphira, osati pachitsulo. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti tha tha. Wofiirira kapena wodukizadukiza ndi wofooka. Mpata wa pansonga pa njinga zambiri za msinkhu umenewu ndi 0.6 mpaka 0.7 mm. Mukayesa pulagi yatsopano moto n'kusaonekabe, kayikirani kabatani kozimitsira injini ka pahandulo. Pa njinga zambiri za Honda ndi zotengera Honda, kabataniko kamazimitsa injini pogunditsa waya wakuda wa mzere woyera kuchitsulo, ndiye madzi ndi matope akalowa m'kati amagwira ntchito yomweyo inu musanakakhudze. Zulani wayayo polumikizira pake n'kuyesanso. Moto ukabwera, vuto lapezeka, ndipo mukhoza kufika kunyumba mukuzimitsa ndi kiyi kapena ndi giya.

Njinga zina zili ndi switchi pa sitandi yam'mbali. Chizindikiro chake n'chosavuta: imalira bwinobwino, koma mukangolowetsa giya imazima. Chotsani matope pamenepo. Yang'ananinso mawaya a pansi pa thanki ndi a pakhosi pa handulo, chifukwa mabampu amasulula zolumikizira ndipo nthambi zimakoka chilichonse cholendewera.

Yatsokomola kenako n'kufa

Tsegulani chotsekera thanki khutu lili pafupi. Mukamva psii, ndiye kuti kabowo kolowetsa mpweya m'thanki katsekeka ndi fumbi kapena matope. Petulo akamatsika mpweya osalowa, amafika posiya kutuluka. Njinga yotere imayenda makilomita angapo, n'kuzima, n'kulira mukaipumitsa, n'kuzimanso, ndipo anthu ambiri agula koyilo (kachipangizo kopereka moto ku pulagi) yatsopano chifukwa cha kabowo kameneka.

Kenako zulani paipi ya petulo pa kabuleta, mutsegule kampopi, muone mmene akutulukira. Azituluka mosadukiza. Akamangodontha, sefa ya m'kati mwa thanki kapena ya papaipi yadzaza dzimbiri ndi zinyalala.

Madzi m'petulo ndiwo amasokoneza kwambiri, chifukwa pamsewu wosalala sadzionetsa. Ndi olemera kuposa petulo, motero amakhala phee pansi pa thanki ndi pansi pa kambale ka kabuleta. Mukayamba kudumpha mizu ndi kukwera chitunda amavunduka, jeti n'kuwayamwa. N'chifukwa chake njinga imavuta m'nkhalango mokha, kwa makaniko n'kumalira ngati yatsopano. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Onjezerani apo petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wogula m'mbali mwa msewu, ndi thanki yogona usiku ili ndi mafuta ochepa kumalo ozizira, imene imachita thukuta m'kati. Mukatembenuza kampopi kupita ku RES, pa mafuta osungira, ndiye mukutunga pansi penipeni pamene madziwo adikha.

Kuwachotsa sikufuna kumasula kabuleta. Pansi pa kambale pali kasikulu kotulutsira mafuta. Tsekani kampopi, ikani botolo loonekera m'kati pansi pa kapaipi kotayira, masulani kasikuluko pokazunguza kawiri kapena katatu, mulole zonse zituluke. Madzi amaoneka pansi pa botolo ngati timadontho tosasakanikirana ndi petulo. Tsegulani kampopi pa RES kwa masekondi asanu kapena khumi kasikulu kali komasula kuti mutsukuluze, mubwereze mpaka otuluka akhale oyera, kenako mangani mosakakamiza chifukwa mazinga ake ndi ofewa. Madzi akachuluka, thanki yonse iyenera kukhuthulidwa mukafika. Pothira petulo wa m'chigubu muzisefa ndi nsalu yoyera, ndipo madontho omalizira a pansi pa chigubu muziwasiya.

Pali timapaipi tina tating'ono tochokera m'mbali mwa kabuleta n'kulendewera kunsi, pafupi ndi tayala la kumbuyo. Ntchito yake ndi kulowetsa mpweya m'kambale. Kukamwa kwake kukamatidwa ndi matope kapena kukamira m'madzi, mafuta sakwera bwino ndipo njinga imazima pakati pa mtsinje ngakhale madzi sanalowe mu injini. Titokoseni, tiuzireni. Amene amawoloka mitsinje kawirikawiri amakweza kapaipi kamodzi n'kukabisa pansi pa mpando.

Ikulemera ndipo utsi ndi wakuda

Onani kaye tchoku, uja amathandiza kuliza injini ikakhala yozizira. Nthambi kapena bondo likhoza kumukankha inu osadziwa. Ngati ali bwino, masulani pulagi muwerenge nsonga yake. Yofiirira pang'ono ndi yabwino. Yakuda bii ndi mwaye wouma ikutanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Yakuda konyowa ndi oyilo ikunena za maring'i kapena tizisilu ta mavalavu totha, ndipo imeneyo si ntchito ya m'tchire. Yoyera mbee ikuchenjeza kuti mafuta akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira.

Mwaye wouma umatitengera ku sefa ya mpweya. Kuyenda kumbuyo kwa lole ya matabwa mu September kwa ola limodzi n'kokwanira kuitseka. Sefa ya siponji itsukeni m'parafini, kenako m'madzi a sopo, muifinye m'manja osaipotokola chifukwa imang'ambika, iume bwinobwino, muithire oyilo pang'ono n'kuifinyanso mpaka ikhale yonona koma yosadontha. Siponji youma imalowetsa fumbi, yonyowa kwambiri imatsamwitsa injini. Sefa ya pepala siyitsukidwa ndipo siyithiridwa oyilo. Igogodeni pang'ono kuti mufike, ndipo ikanyowa ndiye yatha ntchito.

Chimene ena amachita, kuchotseratu sefayo kuti njinga ipume, chimathandiza tsiku limenelo lokha. Fumbi la katondo likalowa limapala silinda ndi maring'i, miyezi ingapo njinga n'kuyamba kudya oyilo.

Phiri nalo limadya mphamvu. Mukamakwera mpweya umapepuka, ndipo injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse. Kuchoka m'tauni ya Zomba kukafika pamwamba pa phiri, pamene nsonga zake zimapitirira pang'ono mamita 2,000, mwakwera mamita oposa 1,000, ndiye gawo limodzi mwa magawo khumi la mphamvu lapita popanda chilichonse choonongeka. Ku Nyika n'kuposa pamenepo. Kabuleta sadziwa kuti mwakwera, amangothira mafuta monga kale, motero njinga imene sefa yake inali yakuda kale imafika pokanika. Wongodutsa asavutike, angotsuka sefa ndi kutsitsa giya msanga. Amene njinga yake imakhalira kumtunda komweko akhoza kuchotsa jeti yaikulu ya kabuleta n'kuikapo ina ya bowo locheperapo ndi sitepe imodzi, koma akumbukire kubwezera yakale akamatsikira kunyanja kapena ku Lower Shire, apo ayi injini idzatentha.

Yamwa madzi

Apa ndi pamene njinga zambiri zimafera, ndipo chimazipha si madziwo koma kiki. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Akadzaza pamwamba pa pisitoni inu n'kuponda kiki mwamphamvu, kapena kuikankha ili m'giya, ndodo ya pisitoni imapindika. Njinga ikagwera m'madzi kapena ikazima madzi atafika pampando, musayese kuiliza ngakhale kamodzi.

Zimitsani kiyi, tsekani petulo, muitulutse pamtunda. Masulani pulagi. Tsegulani bokosi la sefa, chotsani sefayo muifinye, ndipo tsegulani kapaipi kotayira ka pansi pa bokosilo. Ngati muli awiri, imikani njinga pa tayala la kumbuyo kuti madzi a mu ekizozi atuluke. Mukaitsitsa, pondani kiki pang'onopang'ono poyamba, pulagi isanabwezedwe. Madzi adzatumphuka pabowo la pulagi, choncho nkhope ikhale kutali. Pitirizani maulendo 20 kapena 30 kiyi ali wozimitsa, chogwirira choonjezera moto chili chotsegula, mpaka pasatulukenso nkhungu. Khuthulani kambale ka kabuleta monga tafotokozera, pukutani pulagi kapena ikani ina, bwezerani sefa. Ikalira idzatsokomola ndi kutulutsa nthunzi yoyera kwa mphindi zingapo, zimenezo zisakuopseni.

Tsopano onani oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa m'munsi mwa injini, ndipo oyilo wotere sateteza mabeyaling'i. Njinga zambiri za 125cc zimalowa pafupifupi lita imodzi, ndiye lita yapadera m'chikwama ndi yofunika kwa woyenda m'dzinja. Khuthulani, thirani watsopano, yendani pang'onopang'ono, ndipo mukafika musinthenso, kawiri kapena katatu, mpaka atuluke woyera. Wakaleyo muthire m'botolo mupite naye. Nkhalango zimenezi ndi magwero a madzi akumwa: damu la Mulunguzi limamwetsa mzinda wa Zomba, ndipo mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama.

Kupewa kwake n'kutsika kaye n'kuyeza ndi ndodo. Madzi osapitirira pakati pa tayala savuta. Akafika pafupi ndi polowera mpweya, pamene pa njinga zambiri ndi pansi pa mpando, zimitsani injini muikankhe. Powoloka lowetsani giya yoyamba, moto ukhale umodzimodzi, ndipo mukaona kuti mukugwa zimitsani injini isanamire. Mukatuluka yendani pang'ono mabuleki ali ogwira kuti aume, makamaka a dilamu amene amasunga madzi m'kati.

Injini ikulira, njinga siyenda

Tsikani muzungulitse matayala ndi manja. Dothi la makande la m'madambo ndi katondo wonyowa zimamatirira patayala n'kumaunjikana mpaka kudzaza mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi. Kumbuyo zikatero njinga imalemera ngati mwaponda buleki, ndipo woyendetsa amaonjezera moto n'kuwotcha kilatchi. Kutsogolo n'koopsa kwambiri, chifukwa tayala limangoima inu n'kupezeka pansi. Mankhwala ake ndi kamtengo kotokosera komanso kudekha, kuima kawirikawiri matope asanalimbe. Njinga za m'tauni zimene madigadi ake anagona patayala ndizo zimavutika. Kuwakweza ndi sentimita imodzi kapena ziwiri poika mabawuti aatali ndi timachubu tachitsulo kumathandiza, bola asagunde pamwamba foloko ikatsika.

Matayala akamazungulira bwino, yesani kilatchi. Lowetsani giya yapamwamba mukuyenda pang'onopang'ono, muonjezere moto. Injini ikakwera kulira liwiro osasintha, kilatchi ikuterereka. Chogwirira chake chiyenera kukhala ndi mpata wa 10 mpaka 20 mm kunsonga chisanayambe kukoka waya. Mapuleti akamatha mpatawo umachepa, ndipo ukatheratu kilatchi imakhala yofinyidwa pang'ono nthawi zonse. Bwezerani mpatawo pa nati ya pahandulo kapena ya pa injini, mudikire mphindi 15 kuti izizire. Chizolowezi chokwera chitunda kilatchi ili theka, kapena kulimbana ndi matope injini ikukuwa, chimamaliza mapuleti tsiku limodzi. Oyilo wa galimoto nayenso akhoza kutereretsa, chifukwa kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo wa injini yemweyo. Pabotolo pazilembedwa JASO MA kapena MA2.

Ngati ntchito yanu ndi ya m'mapiri tsiku ndi tsiku, sinthani sipoketi. Kuchotsa dzino limodzi kutsogolo, mwachitsanzo kuchoka pa 15 kufika pa 14, kumaonjezera mphamvu yokokera ndi pafupifupi 7 peresenti. Liwiro la pa phula limatsika pang'ono, koma giya yoyamba imakwera yokha popanda kuseweretsa kilatchi.

Tcheni chimavuka chikakhala cholendewera, chakutha, kapena kamtengo kakalowa pakati pa icho ndi sipoketi. Yezani kulendewera kwake pakati, pamalo pamene chalimba kwambiri mukazunguza tayala. Njinga za m'tauni zimafuna 20 mpaka 30 mm, za m'tchire za mashoko aatali zimafuna kuposerapo, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa m'buku la njinga kapena pachitsulo chogwira tayala la kumbuyo. Kumangitsa kwambiri n'kulakwa kofanana, chifukwa shoko ikatsika tcheni chimakokeka n'kuononga beyaling'i ya kusipoketi ya kutsogolo. Kokani tcheni kumbuyo kwa sipoketi yaikulu: theka la dzino likaonekera, chatha, ndipo chisinthidwe pamodzi ndi masipoketi onse awiri. Kakilipi ka polumikizira kaikidwe mbali yotseka itayang'ana kumene tcheni chikupita, apo ayi udzu umakavula. Girizi wosakanikirana ndi mchenga amapala, choncho mukachoka m'matope tsukani ndi parafini n'kuthira oyilo wa magiya wa 80W-90. AG200 ili ndi mwayi pamenepa chifukwa tcheni chake n'chotsekeredwa m'bokosi, koma bokosilo likaphwanyika limasunga matope m'kati, ndiye muzilitsegula.

Tayala likamangozungulira pamalo amodzi, phwetsani mpweya. Pa phula njinga zoterezi zimayenda ndi 1.8 mpaka 2 bar. M'matope ndi pamasamba a paini onyowa, 1.2 mpaka 1.4 bar imagwira bwino kwambiri. Musatsike kuposa pamenepo ngati limu lilibe chomangira tayala, chifukwa tayala limazungulira palimu n'kuzula valavu ya chubu, ndipo chubu chozuka valavu sichimatika. Valavu ikayamba kupendekeka, tayala layamba kale kuyenda. Nati ya pavalavu musaimangire palimu, ikhale chapamwamba kuti kupendekekako kuoneke. Mukanyamula munthu kapena matumba musaphwetse kwambiri, miyala idzatsina chubu. Pampu ikhale nanu kuti mupope mukangofika pa phula.

Imazima ikatentha, imalira ikazizira

Injini yozizira ndi mphepo imadalira zipsepse zake ndi liwiro. Pachitunda chachitali muli m'giya yoyamba, mphepo ndi yochepa, ndipo zipsepse zikamatidwa ndi matope ouma kutentha kulibe kothawira. Mudzamva kulira kwa tizitsulo m'kati mukaonjezera moto, fungo la oyilo wopsa, ndi mphamvu kutsika. Imani, zimitsani, tokosani matopewo, mudikire mphindi 15 kapena 20. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha, chitsulo chikhoza kung'aluka kapena kupindika. Onani mlingo wa oyilo njinga itaima chilili pamalo osalala.

Muone pamene mukuiimika. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, masamba a paini ndi udzu zimayaka ndi ekizozi yotentha yokha, ndipo nkhalango ya Viphya yapsa kambirimbiri m'miyezi imeneyi. Imikani pa dothi, chotsani udzu wokulungana pa ekizozi, ndipo petulo amene mwakhuthula asathiridwe pansi pafupi ndi pamene mukuyesera moto wa pulagi.

Vutoli likamabwerabwera zipsepse zili zoyera, pali zinthu ziwiri zoti musiyanitse nthawi yomweyo yazimayo, isanazizire. Yesani moto wa pulagi. Ngati palibe koma umabwerera injini ikazizira, koyilo kapena CDI (kabokosi ka magetsi kolamula moto wa pulagi) ikufa. Ngati moto ulipo koma kiki yafewa, mavalavu athina: chitsulo chikatentha chimafutukuka, valavu n'kulephera kutseka. Mpata wake umayezedwa injini ili yozizira, ndipo pa njinga zambiri zazing'ono umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm malinga ndi mtundu wake. Injini yongoti zii osamveka kugogoda ngakhale pang'ono kumutu si umboni woti ili bwino, mavalavu othina salira.

Nthawi yotsegula kabuleta

Zonsezi zikayesedwa n'kupezeka zili bwino, kabuleta atsegulidwe, koma kunyumba, pa nsalu yoyera. Njinga yozima mukangosiya moto, kapena yolira pokhapokha tchoku atakokedwa, yatsekeka jeti yaing'ono. Yoyenda bwino pang'onopang'ono n'kumatsamwa mukatsegula moto wonse yatsekeka jeti yaikulu kapena mafuta a m'kambale ndi ochepa. Yotaya petulo pa kapaipi ka pansi ili ndi chinyalala pa singano ya fuloti (choyandama chotseka mafuta kambale kakadzaza), ndipo nthawi zina kugogoda kambale ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kumakwanira. Majeti auzireni kapena mupititse kachingwe kamodzi ka waya wofewa wa kopa. Singano yosokera ndi waya wachitsulo zimakulitsa bowo, njinga n'kuyamba kumwa mafuta osasiya. Musanamasule kasikulu kosakanizira mafuta ndi mpweya, kamangeni mofatsa mukuwerenga kuti kazungulira kangati, kawirikawiri kamodzi ndi theka mpaka kawiri ndi theka, kuti mudzakabwezere pomwepo. Onaninso mphira wolumikiza kabuleta ku injini: ukang'aluka umalowetsa mpweya ndi fumbi, pulagi n'kuyera, ndipo kutsuka majeti sikungathetse zimenezo. Mukamanga, kaiyeseni pachitunda chamabampu injini itatentha, osati pabwalo.